Dzanja Lamanzere la Warwick Treloar

Ku Cairns kuno, ukatchula Warwick Treloar, anthu sayamba ndi zoti amayendetsa ndege. Amayamba ndi dzanja lake. Mkulu ameneyu sanabadwe wamanzere ayi, koma kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankatakasa tiyi ndi dzanja lamanzere, kumeta ndevu ndi lamanzere, kutembenuza soseji pamoto ndi lamanzere. Chaka choyamba chibwano chake chinali mabala okhaokha. Makhadi a Khirisimasi a chaka chimenecho anawalemba ndi dzanja lomwelo, moti mlongo wake wa ku Townsville anaimba foni akulira, kufunsa ngati achimwene ake agwidwa sitiroko.

Sikuti anazungulira mutu. M'ndege zimene amayendetsa Warwick muli mipando iwiri kutsogolo. Kaputeni amakhala kumanzere, ndipo kandodo kowongolera ndege kamakhala kudzanja lake lamanzere. Wachiwiri wake amakhala kumanja, kandodo kake kudzanja lamanja. Warwick anali atakhala pampando wa kumanja zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo sankafuna kuti tsiku lomusamutsa likadzafika, dzanja lidzamuchititse manyazi pamaso pa omuyesa. Anzake ankamuseka, amvekere dzanja limazolowera lokha pa sabata imodzi. Iye ankangoti, "Anuwo amazolowera. Langali ndi la mwana wa mlimi wa nzimbe, limafuna kuliuza kawiri."

Anakuliradi pamunda wa nzimbe wa bambo ake ku Gordonvale. Kandege kachikasu kopopera mankhwala kankabwera kawiri pachaka, kuuluka motsika mpaka agalu kuthawira kunsi kwa nyumba, mwana Warwick n'kumakathamangira m'mizere ya nzimbe mpaka mpweya kumuthera. Bambo ake ankafuna kumusiyira mundawo. Iye anagulitsa njinga yake yamoto n'kukayamba maphunziro a ndege, ndipo mdalayo anatha chaka chathunthu osamulankhula. Atakhoza anapeza ntchito pa tindege ting'onoting'ono topita ku Cape York ndi kuzilumba za kumpoto. Ankanyamula makalata, ufa wa buledi, mankhwala a kuchipatala, nkhanu zamoyo zokwawa m'makatoni onyowa. Tsiku lina bokosi la maliro ndi amayi anayi olira, mawa lake injini ya boti ndi mwana wa ng'ombe. Katunduyo ankakweza yekha, thukuta lili kamukamu, ndipo ntchitoyo ankaikonda moti anachedwa nayo. Anzake onse atathamangira kukampani yaikulu yonyamula anthu, iye anatsalira, n'kumati chaka chamawa, chaka chamawa. Anadzalowa ali ndi zaka makumi anayi.

Tsono kukampani yaikuluyo munthu sakwezedwa chifukwa cha luso. Tsiku limene walowa ntchito amakulemba kumunsi kwa mndandanda n'kukupatsa nambala, basi nambalayo ndiye moyo wako. Tchuthi cha Khirisimasi amasankha potsata nambala, maulendo abwino potsata nambala, mpando wa kumanzere potsata nambala. Wina wapamwamba akapuma pantchito, onse a m'munsi amasendera ndi kamodzi. Oyendetsa ndege ndi anthu achifundo ndithu, koma akamva kuti kaputeni uje amupeza ndi vuto la mtima, dzanja lina limatumiza maluwa pomwe linalo likutsegula mndandanda. Ndipo ukasiya ntchito, nambala yako yafa. Ukadzafuna kubwerera, ngakhale uli ndi imvi mpaka m'makutu, ukayambira kumunsi pamodzi ndi ana.

Warwick analowa ali nambala 1630. Zaka makumi awiri ndi chimodzi akukwawa, anafika pa 412, kaputeni womaliza ali 411. Mu Okutobala kalata inabwera: maphunziro a ukaputeni, mwezi wa Febuluwale. Anaiwerenga ataimirira pakhomo, n'kukhala pansi pamasitepe, n'kuiwerenganso. Inafika panthawi yake, chifukwa m'buku la malamulo a kampani, cha kumapeto kumene anthu safikako powerenga, muli kalamulo kakuti munthu amene wakwanitsa zaka 62 satumizidwanso kumaphunziro amenewo. Kalamuloka sikaluma anthu ambiri, poti ambiri amafika kumanzere akadali ndi tsitsi lakuda. Warwick ankakwanitsa zaka 62 pa 19 Meyi.

Mkazi wake Noelene, namwino wopuma pantchito, mayi wosapsatira mawu, anachita chinthu chimene mkazi wa woyendetsa ndege sachita. Anakagula timizere tinayi ta paphewa, ta ukaputeni, mwamuna asanakhoze. Anthu a ndege amati n'kuitana tsoka kumeneko.

"Mwachita chiyani, Noelene? Bwezani zimenezi."

"Ndibweze kuti? Zaka makumi awiri ndakhala ndikusita malaya a mizere itatu. Nane ndatopa nayo."

"Nanga anzanga akamva?"

"Anzanuwo amabwera kudzatsegula dirowa ya masupuni?"

Anatiikadi m'dirowa ya masupuni, m'kapepala kake momwemo. M'mawa uliwonse Warwick akamatenga supuni ya tiyi ankatiyang'ana kaye, n'kutseka msanga ngati waona zosayenera.

Kalata yachiwiri inabwera mu Disembala. Kampani inali ndi ndege zisanu zonyamula katundu, zoyendetsedwa ndi anthu a pamndandanda, ndipo inkati iwonjezera ziwiri. Mpando wa Warwick unkachokera pamenepo. Koma mabwana a ku ofesi atawerengera zawo, anapereka ntchito yonse ya katundu kwa kampani ina yaing'ono ya kontirakiti. Ndege zomwezo, utoto womwewo, mango ndi makalata omwewo, koma oyendetsa ena. Makaputeni amene ankayendetsa za katundu anabwerera ku ndege za anthu, mipando yonse n'kudzaza, mzere n'kuima chilili. Kalatayo inati maphunziro aimitsidwa "mpaka mtsogolo muno," ndipo inamufunira Khirisimasi yabwino.

Apa ndiye bwalo la ndege linagawanika pakati. A pamndandanda anayamba kutcha enawo "a makatoni." Enawo nawo sanagone, ankatcha anzawowo "mabwana a manambala." Kunena chilungamo, ana a makatoni aja sanabe kanthu. Anaona ntchito yalengezedwa, anafunsira, anawalemba, ndipo ankalandira zochepa kuposa mabwana aja. Koma munthu amene wadikira zaka makumi awiri ukamuonetsa mwana wa zaka makumi atatu atavala mizere inayi, akukwera ndege imene dzulo inali yake, usayembekezere kuti aganiza bwino. Kukantini anasiya kukhalirana tebulo limodzi. Pa wailesi ya ndege, wa makatoni akapereka moni kwa oyang'anira bwalo, wina ankadina batani n'kung'amba tepi yomatira makatoni pafupi ndi maikolofoni, kweee! Amuna a imvi, a zidzukulu, kuchita zibwana zotere! Ndipo bungwe la oyendetsa ndege linagwirizana chinthu china chowawa kuposa tepi. Kutsogolo kwa ndege kuli kampando kachitatu kopinda, kamene woyendetsa ndege mnzako amakwerapo ndege ikadzaza, kaputeni akalola. Chiyambire kale kampando kameneka sakanizana, ngakhale munthu wa kampani ina. Tsopano anati wa makatoni asakhalepo.

Wotsogolera bungwelo ku Cairns anali Murray Hoskin, kaputeni, nambala 88, wadazi, wa mawu ngati injini. Iye ndi Warwick anasenzera limodzi makatoni ku Cape York ali anyamata, ndipo paukwati wa Warwick ndiye anagwira mphete. Murray ankadziwa nambala ya munthu aliyense pamtima. Ukakumana naye m'sitolo ankakupatsa moni ndi nambala yako.

Mu Januwale, mvula ikugwa ngati kumwamba kwabooka, galimoto inaima pakhomo pa Warwick. Munatuluka Tahlia Vella atanyamula katoni ya nthochi za kumunda kwa bambo ake ku Innisfail. Mtsikana ameneyu Warwick anamuphunzitsa yekha kuuluka, masiku a Loweruka, kukabwalo kakang'ono ka ku Mareeba, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Tsiku limene anauluka yekha koyamba, Warwick ndiye anamukhuthulira ndowa ya madzi pamutu monga mwa mwambo, onse awiri akuseka mpaka misozi. Tsopano anali ndi zaka 32, kaputeni komanso mphunzitsi wa makaputeni kukampani ya makatoni.

Anakhala pakhonde, Noelene atabweretsa tiyi. Tahlia anayang'ana dzanja lotakasa tiyi lija n'kumwetulira.

"Aphunzitsi, mukadalilimbitsabe?"

"Lakhwima tsopano. Likungosowa pogwira."

"N'chimene ndabwerera. Kwathu tikusowa makaputeni okhwima. Ana ndili nawowa ndi anzeru, koma mvula ya kuno sakuidziwa. Ndalankhula ndi abwana anga. Maphunziro akuyamba kumapeto kwa Febuluwale, ndipo kwathu kulibe lamulo la zaka. Miyezi iwiri basi, mukhala kumanzere."

"Nanga nambala yanga?"

"Muisiya. Palibe njira ina."

"Ndipo wondiyesa ndiwe?"

"Ndine. Musaope, sindikalipa ngati mmene munkandikalipira inu. Koma ndowa ya madzi ndiye ndikusungirani."

Anaseka onse atatu. Tahlia atapita, Noelene sanadikire ngakhale kuti galimoto ikhote pamsewu.

"Pitani."

"Si zophweka choncho."

"N'zophweka. Mpando uli uko, inu muli kuno. Nambalayo mudzaikidwa nayo m'manda?"

"Anthu ndagwira nawo ntchito zaka makumi awiri. Sadzandipatsanso moni."

"Moni ndikupatsani ine, kawiri patsiku."

Loweruka lotsatira Warwick anapita kokawedza ndi Murray pa kaboti kake, mumtsinje wa kuseri kwa doko. Anadikira mpaka mbedza zonse zili m'madzi, n'kuyamba kufotokoza. Murray anatembenuka mwamphamvu moti boti linapendama, n'kumutchula dzina lachidule limene amamuitanira chiyambire unyamata.

"Wazza, wapenga? Iweyo wa makatoni?"

"Makatoni tinasenza limodzi, aise. Waiwala nkhanu inakuluma chala ku Horn Island ija, iwe n'kulira ngati mwana?"

"Amene aja anali makatoni athu. Awa ndi olanda. Tamvera, tikukambirana ndi kampani sabata iliyonse, ndipo ayamba kufewa. Koma iwe ukawoloka, mawa lomwe adzatiuza kuti taonani, ngakhale 412 wanu wathawira komweko, ndiye mukulimbira chiyani? Utiphera mlandu tonse. Kumbuyo kwako kuli anthu oposa chikwi, aliyense akuyang'ana msana wako."

"Nthawi yandithera, Murray."

"Yatithera tonse, taona mutu wangawu. Pirira pang'ono. Mpando woyamba umene tilande ndi wako, ndikulumbira. Ndiwe 412, palibe angakudumphe."

Apa m'pamene Warwick akanatchula kalamulo kaja. Mawu anafika pakamwa, koma anawameza. Zinamuchititsa manyazi kuti mwamuna wamkulu apemphe anzake mazanamazana kuti amenyere nkhondo tsiku lake lobadwa. Komanso anadziuza kuti Murray amalidziwa buku la malamulo kuposa Baibulo, ndiye sangalephere kudziwa. Anagwira nsomba ziwiri zazing'ono n'kuzibwezera m'madzi. Lolemba anaimbira Tahlia foni kumuuza kuti zikomo, koma sangathe. Noelene anatha masiku atatu akumuikira chakudya patebulo osanena kanthu, ndipo kwa mayi ameneyu kumeneko ndiye kukalipa kwenikweni.

Chimene chimamuwawa Warwick mpaka lero chinachitika mu Malichi. Namondwe anali atadutsa, maulendo a masiku awiri ataimitsidwa, ndipo ndege ya m'mawa yopita ku Brisbane inadzaza mpaka mpando womaliza. Kaputeni anali Murray, wachiwiri wake Warwick. Akukonzekera kunyamuka, munthu anagogoda pachitseko cha kutsogolo. Anali Tahlia, atavala yunifolomu, chipewa chili m'manja.

"A kaputeni, pepani kukusokonezani. Ndili ndi mayeso anga a pachaka ku Brisbane masana ano. Ndikaphonya andiimitsa kuuluka. Ndimapempha kampandoka."

Murray sanamuyang'ane nkhope. Anayang'ana baji ya pachifuwa.

"Mwadziwa kale yankho, mayi."

"Ndadziwa zimene bungwe lanu linanena. Ndikupempha inuyo."

Mwambo wake ndi wakuti kaputeni asanagamule za kampandoka amafunsa kaye wachiwiri wake, poti onse awiri ndiwo akhale ndi mlendoyo. Murray anatembenuka.

"Wazza, ukuti bwanji?"

Mawu amodzi okha akanakwana. Murray ndi wouma mutu, koma Warwick akanati mulekeni akwere, ndi mwana wanga uyu, sakanakana. Warwick anayang'ana pepala la mafuta limene anali atawerenga kale kawiri. Anaganiza za kantini, za tepi ija, za mpando woyamba umene anamulonjeza. Makutu anamutentha.

"Kaputeni ndiwe," anatero.

Tahlia anavala chipewa chake.

"Chabwino. Muyende bwino, aphunzitsi."

Sananene mokwiya, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri. Atauluka maola awiri anafika ku Brisbane. Warwick ndiye anatsitsa ndege, ndipo anaigwetsa pansi mwamphamvu moti zitseko za makabati a katundu wa anthu zinatseguka. Murray anati n'chifukwa cha mphepo. Kunalibe mphepo tsiku limenelo, munthuyo anadzida yekha basi.

Epulo anadutsa zokambirana zikupitirira. Pa 19 Meyi anzake anabwera kunyumba masana kudzawotcha nyama. Murray anafika ndi keke yaikulu imene anaitanitsa yekha, pamwamba pake atalembapo ndi shuga wabuluu: 412. Anthu anaseka, anaimba, anajambula zithunzi. Palibe anafunsa kuti wakwanitsa zaka zingati, poti kwa anthu amenewa munthu alibe zaka, ali ndi nambala. Warwick anadula kekeyo ndi dzanja lamanzere. Anadziwa kuti kuyambira tsikulo chiyembekezo chake chatsala pa chinthu chimodzi, chakuti m'mapepala amene akukambirana aja Murray waikamo mzere wochotsa kalamulo kaja. Noelene anatsuka mbale yekha, kukana aliyense womuthandiza.

Patangotha masabata awiri uthenga unafika kuti bungwe lamwa wamkaka. Anasonkhana Loweruka masana kukalabu ya asodzi, amuna ndi akazi awo, holo n'kudzaza. Murray anakwera pampando, pepala m'manja, nkhope ili ngwee. Kuyambira Julaye, theka la mipando ya ukaputeni m'ndege za katundu lizipita kwa a pamndandanda, potsata nambala, motsatira malamulo a kampani yaikulu. Kampani ya kontirakiti isalembenso kaputeni aliyense wochokera kunja. Anthu anakuwa, ena kumenya matebulo.

"Ndipo woyamba kupita kumaphunziro," anatero Murray, ndi chimwemwe chenicheni, "ndi munthu amene anamuitana kutsidya koma anakana. Anaima nafe. Nambala 412! Wazza, taimirira!"

Holo yonse inaimirira, m'manja muli phwaphwaphwa. Warwick yekha ndiye anakhala pansi. Anali atamva bwino mawu aja akuti motsatira malamulo a kampani yaikulu. Anayang'ana mowa wake, thovu likutsika pang'onopang'ono.

Amene anaimirira m'malo mwake anali Noelene. Sanakuwe, koma mawu a namwino amamveka ngakhale m'phokoso.

"Murray, mwamuna wanga ali ndi zaka zingati?"

"Ha? Sikisite... sikisite chakuti."

"Keke munabweretsa nokha. Munadya zidutswa ziwiri. Ali ndi zaka zingati?"

M'holo munayamba kuzizira. Kumbuyo wina anatsegula buku la malamulo pafoni yake, n'kunong'oneza mnzake, mnzakeyo n'kunong'oneza wina. Murray anatsika pampando paja pang'onopang'ono. Magazi anamuchoka kumaso mpaka padazi.

"Wazza... sunandiuze bwanji?"

"Ndinkayesa ukudziwa."

"Akanavomera! Kanali kanthu kakang'ono, mzere umodzi wokha, akanavomera popanda kulimbana. Bwanji sunanene, munthu iwe?"

"Ndinakuuza kuti nthawi yandithera."

"Ndinkayesa ukunena za ukalamba wamba!"

Murray anayesa, tisamunamizire. Lolemba m'mawa anali pafoni, Lachitatu anakwera ndege kupita kulikulu. Koma mapepala anali atasainidwa, mabwana atapsa kale mtima ndi zimene anawalanda, ndipo anamuuza kuti akatsegulanso tsamba limodzi atsegula onse. Anthu makumi anayi anali atalandira kale masiku awo a maphunziro. Warwick mwiniwake ndiye anamuimbira Murray kumuuza kuti asiye, asagwetse denga lonse chifukwa cha munthu mmodzi. Mnyamata wa nambala 413, wa zaka 44, analandira kalata yake sabata yomweyo. Anabwera kudzapepesa ngati walakwa, Warwick n'kumugwira chanza, n'kumulangiza kuti ayambe kutakasa tiyi ndi kumanzere.

Kunatsala ulendo umodzi umene ankauzengereza. Tsiku lina m'mawa, asanayambe ntchito, anazungulira mpanda wa bwalo kupita kumashedi a katundu, kumene wa pamndandanda anali asanapondeko chiyambire Disembala. Kunkanunkha mango ndi mafuta a ndege, fungo la unyamata wake. Anapeza Tahlia pansi pa phiko la ndege, akuyang'ana matayala.

"Mwabwera kudzaona malo anu atsopano?" anafunsa osatembenuka. "Mwapambana. Ana anga asanu ndi mmodzi amene ndinawalonjeza ukaputeni chaka chino ndawauza dzulo kuti adikire."

"Sindinabwerere zimenezo. Mayeso aja unatani nawo?"

"Ndinaphonya. Masabata atatu ndili pansi, ndikuthandiza bambo kudula nthochi."

"Ndinalakwa, Tahlia. Anandifunsa, ine n'kuyang'ana pepala. Ndilibe chodzikanira."

Apa Tahlia anatembenuka. Anamuyang'ana, maso ake atafiira.

"Ndinalira m'galimoto tsiku lija, mukudziwa? Osati chifukwa cha mayeso. Murray sindimuwerengera. Koma inu munandiphunzitsa kuti mnzako wa m'mlengalenga sumusiya pansi. Munanena zimenezo ndili mwana, ine n'kukhulupirira."

"Ndinanenadi."

"Zanu ndamva. Ndinapita kwa abwana anga tsiku lomwelo. Akuti pangano latsopanoli latimanga manja, sitingalembe kaputeni wakunja, ndipo wa pamndandanda abwere potsata malamulo a kwanu. Khomo limene ndinakutsegulirani lija anzanu alitseka okha."

"Ndikudziwa. Sindinabwere kudzapempha."

Ngolo za makatoni zinadutsa. Kenako Tahlia analoza masitepe a ndegeyo ndi chibwano.

"Mulibe munthu m'mwambamo. Sinyamuka mpaka madzulo. Kwerani, mukakhalepo pang'ono kumanzereko. Palibe adziwe."

Warwick anayang'ana zenera la kumanzere lija. Masitepe ake anali khumi ndi anayi, anawawerenga. Mtima unafuna, ndipo dzanja lija linagwira kale chitsulo cha masitepe lisanauzidwe. Analichotsapo n'kuliika m'thumba.

"Ayi, mwanawe. Ndidziwa ine."

Tahlia sanaumirire. Anamuperekeza mpaka pachipata, ndipo posiyana anamuuza kuti iye mwini ndiye adzaphunzitse mnyamata wa 413 uja, ndipo sadzamuchitira nkhanza.

Warwick akuulukabe, kumanja, ndipo atero mpaka adzapume. Makaputeni atsopano amakonda kuuluka naye nyengo ya mvula, chifukwa mitambo ya kuno amaidziwa ngati munda wa bambo ake. Murray amabwerabe kunyumba, koma amaimika galimoto patali, ndipo Noelene amamupatsa tiyi wopanda bisiketi. Timizere tinayi tija tikadali m'dirowa ya masupuni. Warwick anafuna kukapatsa mnyamata wa 413, Noelene anakana. "Ndinagulira inu," anatero, nkhani n'kuthera pomwepo.

M'mawa wina wa mu Julaye, tsiku limene anthu makumi anayi aja ankayamba maphunziro, Noelene anamuikira kapu ya tiyi patebulo, chogwirira chake ataloza kumanja mwadala. Anakhala moyang'anana naye. Warwick anatsegula nyuzipepala, ndipo akuwerenga, dzanja lamanzere linatuluka lokha, linatembenuza kapu, linatola supuni n'kuyamba kutakasa bwinobwino, osagunda m'mbali, osataya ngakhale dontho.

Noelene analiyang'ana dzanjalo mpaka misozi inadzaza m'maso.

"Simunaliuze kodi?"

Warwick anatsitsa nyuzipepala, n'kuliyang'ana nayenso.

"Ndaliuza kawiri," anatero. "Lakana."